Makompyuta Akale M'sukulu Zathu: Mphunzitsi Adziŵe za Chipset ndi Ma-driver Ake

M'sukulu zambiri za sekondale, ngakhalenso m'makoleji a aphunzitsi, muli chipinda cha makompyuta, ndipo m'chipinda chotere simulephera kukhala ngodya imene adaunjikamo makina amene anthu adataya nawo mtima. Ena mwa makinawo adafadi, ndipo palibe chimene tingachite nawo. Koma ochuluka ndithu amayaka bwinobwino. Vuto lao nlakuti ena satulutsa mau, ena sagwira intaneti, ena saona fulashi ikaloŵetsedwa, pamene ena amaonetsa zilembo zikuluzikulu zosakwana pa sikirini. Pa zifukwa ngati zimenezi makinawo amalembedwa m'buku la katundu kuti ngoonongeka, fumbi nkumaŵakwirira, chonsecho ana akupanikizana pa makompyuta oŵerengeka amene atsala.

Maganizo athu m'nkhani ino ngakuti matenda ameneŵa nthaŵi zambiri amayamba chifukwa cha kusoŵa kwa timapulogalamu totchedwa ma-driver, kuyambira pa a chipset, ndi kuti mphunzitsi aliyense amene akutuluka m'koleji nkukayang'anira chipinda cha makompyuta ayenera kudziŵa kuŵafunafuna, kuŵaika ndi kuŵasunga. Ntchito imeneyi silira ndalama zambiri. Imalira kudekha, kuŵerenga mosamala ndi kulemba zimene tachita, ndipo zonsezi nzimene mphunzitsi adazizoloŵera kale pa ntchito yake.

Kodi chipset ndi driver nchiyani?

Tikatsekula bokosi la kompyuta timaona bolodi lalikulu limene ziŵalo zonse zimalumikizidwapo. Bolodi limeneli ndilo motherboard. Pamenepo pamakhala purosesa, imene imagwira ntchito yonse yoŵerengera, koma purosesa payokha singalankhule ndi disiki, ndi mabowo a USB, ndi chiŵalo cha mau kapena cha netiweki. Pakati pa purosesa ndi ziŵalo zimenezi pali tizipangizo tomatiriridwa pa bolodi timene timayendetsa mauthenga uku ndi uko, monga momwe kapitao amachitira pakati pa mwini ntchito ndi antchito ake. Tizipangizo timeneti ndito chipset.

Pa makina opangidwa chisanafike chaka cha 2009, chipset kaŵirikaŵiri inkakhala ndi mbali ziŵiri. Mbali yotchedwa northbridge inkayang'anira memory ndi zithunzi za pa sikirini, ndipo yotchedwa southbridge inkayang'anira disiki, USB, mau ndi zina zotere. Umu ndimo adapangidwira ma-chipset a Intel monga 945 wa mu 2005, G31 wa mu 2007 ndi G41 wa mu 2008. Pambuyo pake ntchito zambiri za northbridge zidasamukira m'kati mwa purosesa, nkutsala kachipangizo kamodzi kokha, monga timaonera pa H61 wa mu 2011. Tikutchula maina ameneŵa chifukwa makina ambiri amene mabungwe achifundo, makampani ndi maofesi amapereka ku sukulu ngambadwo umenewu. Dell OptiPlex 755 ili ndi chipset Q35, OptiPlex 780 ndi HP Compaq dc7900 zili ndi Q45, pamene OptiPlex 390 ili ndi H61.

Tsono driver ndi kapulogalamu kamene kamaima pakati pa Windows ndi chiŵalo chilichonse cha kompyuta. Tingakafanizire ndi womasulira pa msonkhano. Mlendo wolankhula angakhale ndi mau abwino, anthu omvetsera angakhalenso atcheru, koma womasulira akapanda kufika palibe chimene chimamveka, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti anthuwo ngogontha. Chimodzimodzinso chiŵalo cha mau kapena cha netiweki chimakhala chamoyo ndithu, kungoti Windows ilibe njira yolankhulira nacho.

Pali mfundo imodzi imene tiyenera kuimvetsa bwino pano. Pulogalamu imene Intel imaitcha Chipset Device Software, kapena INF Update Utility, ntchito yake yaikulu ndi kudziŵitsa Windows maina enieni a ziŵalo za pa bolodi, kuti chilichonse chizindikirike bwino. Siionjeza liŵiro la kompyuta, ndipo ikaikidwa kamodzi palibe chifukwa chomaisinthasintha mwezi ndi mwezi. Pa makina akale lamulo nlakuti chimene chikugwira ntchito tisachikhudze.

Nanga ma-driver amasoŵa bwanji?

Amasoŵa pa nthaŵi yofomata. Amene akupereka kompyuta amayamba wafafaniza zonse za m'disiki pofuna kuteteza zinsinsi za ofesi yake, ndipo amachita bwino. Kusukulu nako, ma-virus akachuluka, wina amaika Windows mwatsopano. Windows imabwera ndi ma-driver ambiri, koma osati onse, ndipo ma-CD amene adabwera ndi makinawo pogulidwa adatayika zaka zambiri zapitazo.

Chinanso nchakuti opanga makina sasamalira katundu wao mpaka kalekale. Kampani ya NVIDIA idasiya kupanga ma-chipset ake a nForce. Mu 2019 Intel idachotsa pa tsamba lake la intaneti mafayilo ambiri a mabolodi ake akale. Microsoft idasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023, ndipo chisamaliro cha nthaŵi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, imene idatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kotero makina onse amene tatchula pamwambapa saloledwa kuilandira. Phunziro lake nlakuti fayilo imene ikupezeka lero mwina chaka chamaŵa sidzapezeka, ndipo sukulu imene sisunga ma-driver ake ikudalira nkhokwe ya mwini.

Njira yoyenera kutsata

Poyamba, tisanaloze chala driver, tione thupi la makinawo. Pa motherboard pali batire laling'ono longa ndalama yachitsulo, la mtundu wa CR2032, la mavoti 3. Batire limeneli likatha mphamvu, kompyuta imaiŵala tsiku ndi nthaŵi, ndipo tsiku likalakwika masamba ambiri a intaneti amakana kutseguka. Imaiŵalanso zimene zidasankhidwa mu BIOS. Ngati Windows idaikidwa disiki ili pa njira ya AHCI, kenaka BIOS nkubwerera ku njira ina, Windows 7 imakana kuyamba, nkuonetsa sikirini yabuluu yokhala ndi nambala 0x0000007B. Mankhwala ake ndi batire latsopano ndi kubwezera chisankho cha disiki m'malo mwake. Tiyang'anenso timigolo ting'onoting'ono toimirira pa bolodi, totchedwa ma-capacitor. Tikakhala totupa pamwamba kapena tochucha, vutolo nla chitsulo, ndipo palibe driver amene angalichize.

Pali njira ina yachidule yosiyanitsira matenda a chitsulo ndi a pulogalamu. Tiike Linux, monga Linux Mint kapena Lubuntu, pa fulashi, nkuyatsira kompyuta pa fulashiyo popanda kuika chilichonse m'disiki. Linux imanyamula ma-driver a ma-chipset ambiri akale m'kati mwake. Ngati mau akumveka ndipo netiweki ikugwira, ndiye kuti ziŵalo nzamoyo, chimene chikusoŵa ndi driver wa Windows basi.

Kachiŵiri, tidziŵe dzina lenileni la makina. Kunena kuti "Dell yakuda ija" sikuthandiza. Makompyuta a Dell ali ndi kapepala komatidwa pa bokosi kolembedwa Service Tag, ya zilembo ndi manambala asanu ndi aŵiri. A HP ndi a Lenovo alinso ndi nambala zao za mtundu wa makina. Kompyuta yolumikizidwa m'sitolo kuchokera ku ziŵalo zosiyanasiyana ilibe kapepala kotere, koma dzina la bolodi limakhala lodindidwa pa bolodi pomwepo ndi zilembo zoyera. Tikhozanso kulemba msinfo32 mu Windows, kapena kugwiritsa ntchito kapulogalamu kaulere ka CPU-Z, kamene kamatchula wopanga bolodi, mtundu wake ndi chipset yake. Nthaŵi yomweyo tilembe mtundu wa Windows imene ilimo, ndiponso ngati ili ya 32-bit kapena ya 64-bit, pakuti driver wa mtundu wina saloŵa m'mtundu unzake.

Kachitatu, titsekule Device Manager. Umu ndimo Windows imaulula zonse zimene sikuzizindikira, poika kachizindikiro kachikasu pambali pa dzina. Maina ena amabwerabwera, ndipo nkwabwino kuŵaloŵeza. SM Bus Controller imasonyeza kuti pulogalamu ya chipset sinaikidwe. PCI Simple Communications Controller, pa makina a Intel, kaŵirikaŵiri ndi chiŵalo chotchedwa Management Engine. Ethernet Controller ndi chiŵalo cha netiweki. Tikaona Standard VGA Graphics Adapter pa Windows 7, kapena Microsoft Basic Display Adapter pa Windows 10, tidziŵe kuti driver wa zithunzi mulibe, ndipo nchifukwa chake zilembo zikuoneka zazikulu ndipo pulojekitala ikuvuta kulumikiza.

Chiŵalo chikangolembedwa kuti Unknown device, tisataye mtima, pakuti chiŵalo chilichonse chili ndi chiphaso chake. Tisankhe Properties, kenaka Details, kenaka Hardware Ids, ndipo tidzaona mzere wonga uwu: PCI\VEN_8086&DEV_27DA. Manambala anai otsatana ndi VEN amatchula kampani yopanga, ndipo anai otsatana ndi DEV amatchula chiŵalocho. 8086 ndi Intel, 1022 ndi AMD, 1002 ndi ATI imene idagulidwa ndi AMD mu 2006, 10DE ndi NVIDIA, 1106 ndi VIA, 10EC ndi Realtek, ndipo 14E4 ndi Broadcom. M'chitsanzo chathuchi, 27DA ndi SM Bus ya southbridge yotchedwa ICH7, imene imapezeka pa mabolodi ambiri a 945, G31 ndi G41. Mphunzitsi amene waphunzira kuŵerenga mzere umenewu sakhalanso woyendera mphekesera.

Kachinai, tifune driver pamalo oyenera, ndipo malowo ali ndi ndondomeko yake. Tiyambe pa tsamba la kampani imene idapanga kompyuta yonse, monga Dell, HP kapena Lenovo, polemba nambala ya pa kapepala kaja. Ngati kompyuta njolumikiza, tipite pa tsamba la wopanga bolodi, monga Asus, Gigabyte kapena MSI. Kukasoŵa kumeneko tipite kwa wopanga kachipangizoko, Intel, AMD kapena Realtek. Pambuyo pa onseŵa pali Microsoft Update Catalog, kumene tingafufuze ndi manambala a VEN ndi DEV aja. Tichenjere kwambiri ndi masamba amene amalonjeza kuti pulogalamu yao ipeza ma-driver onse pongodina kamodzi. Ambiri mwa mapulogalamu otere amabwera ndi zotsatsa malonda zosatha, ena amafuna ndalama, enanso amaika driver wolakwika kapena kuloŵetsa virus. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani iyi kufunsa ndiko kuyang'ana kaye ngati dzina la tsambalo lilidi la kampani yopanga makinawo.

Wina angafunse kuti, nanga tingakoke bwanji driver pa intaneti pamene driver wa netiweki ndiye akusoŵa? Yankho nlakuti tikokere pa kompyuta ina kapena pa foni, nkusamutsa fayiloyo ndi fulashi kapena ndi chingwe cha foni. Ma-driver a chipset ndi a netiweki nthaŵi zambiri sakhala aakulu, kotero sadya bandulo yambiri.

Kachisanu, tiike ma-driver motsata ndondomeko. Woyamba akhale wa chipset, pakuti ziŵalo zina zonse zimadutsa mwa iye, ndipo tikamaliza tizimitse kompyuta nkuiyatsanso. Atsatire wa zithunzi, wa netiweki, wa mau, ndi ena otsala. Tisanayambe tipange restore point, kuti zikalakwika tithe kubwerera pamene tidali. Tiike mmodzimmodzi, nkumayesa pambuyo pa aliyense, chifukwa tikaika asanu nthaŵi imodzi makina nkusokonezeka, sitingadziŵe amene walakwitsa. Pulogalamu yoikira ikakana poti siikuidziŵa Windows yathu, timasule fayiloyo m'foda, kenaka mu Device Manager tisankhe Update driver nkuloza foda imeneyo. Mwa njira iyi driver wa Windows 7 nthaŵi zambiri amaloledwa mu Windows 10. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kachisanu ndi chimodzi, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse, tisunge zimene tapeza. Pa Windows 10 lamulo lakuti pnputil /export-driver limatha kukopera m'foda imodzi ma-driver onse amene adaonjezedwa pa makinawo. Foda iliyonse ilembedwe dzina la makina ndi mtundu wa Windows. Makope akhale aŵiri, lina pa fulashi imene siigwira ntchito ina iliyonse, lina pa DVD kapena disiki yosungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Popeza makina opatsidwa amabwera ofananafanana, foda imodzi ikhoza kudzutsa mzere wonse wa makompyuta.

Pamodzi ndi mafodawo pakhale buku la chipinda cha makompyuta, makina aliwonse ndi tsamba lake: dzina, nambala, chipset, mtundu wa Windows, chisankho cha disiki mu BIOS, ma-driver amene adaikidwa ndi kumene adachokera, ndi tsiku limene batire lidasinthidwa. Tonse tikudziŵa kuti mphunzitsi amasamutsidwa. Ngati nzeru zonse za chipindacho zili m'mutu mwa munthu mmodzi, tsiku limene adzanyamule katundu wake chipindacho chidzayamba kufa. Timalemba rejisitala ya ana ndi ndondomeko ya maphunziro kuti wobwera pambuyo pathu apitirize pamene tidalekeza. Makina nawo ayenera kulembedwa chimodzimodzi.

Zimene ena anganene

Anzathu ena anganene kuti iyi ndi ntchito ya amisiri, ndipo mphunzitsi ali kale ndi katundu wolemera. Tikuvomereza kuti kuotcherera ziŵalo pa bolodi kapena kukonza bokosi la magetsi la m'kompyuta ndi ntchito ya mmisiri, ndipo mphunzitsi asayese nkomwe. Koma kuika driver sikufuna chida chilichonse. Sukulu ya kumudzi imene iyenera kudikira mmisiri wochokera ku tauni, nkumulipira ulendo ndi ntchito, chifukwa cha fayilo imodzi yosoŵa, ikhoza kutaya teremu yonse ana osakhudza kiyibodi. Mphunzitsi wa sayansi sadikira munthu wina kuti adzampukutire galasi la maikulosikopu, ndipo wa ulimi sadikira mlendo kuti adzamkhomere khasu pa mpini. Kusamala zipangizo zophunzitsira kwakhala gawo la uphunzitsi kuyambira kale.

Ena anganene kuti Windows imene opanga ake adaisiya njoopsa, ndipo kuidzutsa ndi kuitana mavuto. Mfundo imeneyi njoona, ndipo tisaipeputse. Kompyuta ya Windows XP kapena Windows 7 isalumikizidwe pa intaneti, ndipo pasasungidwepo zotsatira za mayeso kapena nkhani za ndalama za sukulu. Komabe mwana wophunzira kutaipa, kukonza kalata, kuŵerengera pa spreadsheet kapena kulemba pulogalamu yake yoyamba safuna intaneti. Ngakhale zoŵerenga zikhoza kuikidwa m'disiki momwemo. Pulogalamu yaulere ya Kiwix, mwachitsanzo, imalola munthu kuŵerenga Wikipedia popanda netiweki. Pamene sukulu ikufuna makina oloŵa pa intaneti, njira yanzeru ndi kuika Linux imene ikulandirabe chisamaliro, pamodzi ndi LibreOffice. Mapurosesa a Core 2 Duo, amene ali m'makina ambiri a zaka zimenezo, amatha kuyendetsa Linux ya 64-bit. Posankha pakati pa njira ziŵirizi, mphunzitsi aganizire mapulogalamu amene ana adzakumane nawo pa mayeso a Computer Studies, kuti asadzaŵaone koyamba pa tsiku la mayeso.

Enanso anganene kuti makina akale ndi zinyalala zimene maiko olemera amatitayira, ndipo kuŵakonza ndi kuvomereza chipongwe. Nkhaŵa imeneyi ili ndi maziko. Pangano la Basel la mu 1989 ndi la Bamako la mu 1991 adapangidwa pofuna kuletsa kutumiza zinyalala zoopsa ku maiko osauka, ndipo lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 lidaonetsa kuti mu 2022 dziko lapansi lidatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo za magetsi, ndipo zimene zidalembedwa kuti zidatoleredwa ndi kukonzedwanso moyenera sizidafike gawo limodzi mwa magawo anai. Koma tionetsetse kumene mfundoyi ikutifikitsa. Mphunzitsi wodziŵa kuyesa makina ndiye angathe kuuza wopereka mwaulemu kuti, "Aŵa tilandira, koma aŵa ngakufa, bwererani nawo." Amene sadziŵa amalandira zonse, kenaka nkutaya zabwino pamodzi ndi zoipa. Kompyuta iliyonse imene taidzutsa ndi driver yachedwa kupita kudzala, kumene mtovu ndi ziphe zina za m'kati mwake zikanaloŵa m'nthaka. Sitikunena kuti tileke kupempha makina atsopano. Tipemphe ndithu, koma podikira tikumbuke kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Phunziro la m'kalasi

Kwa zaka zambiri aphunzitsi m'Malaŵi muno taphunzitsidwa mfundo ya TALULAR, yakuti tiphunzitse ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pathu. Timaiona mfundoyi pa zitsekerero za mabotolo ndi pa timitengo toŵerengera. Mulu wa makompyuta uli m'ngodya uja nawo ndi chinthu chopezeka pamalo pathu, ndipo ukhoza kukhala chipangizo chabwino koposa chophunzitsira mutu wa ziŵalo za kompyuta, umene kaŵirikaŵiri timangoujambula pa bolodi ndi choko.

Phunziro likhoza kuyenda motere. Mphunzitsi agaŵe ana m'magulu a anai kapena asanu, gulu lililonse ndi motherboard imene idafa kale. Ana aloze malo a purosesa, mipata ya memory, batire, northbridge imene kaŵirikaŵiri imabisala pansi pa kachitsulo koziziritsa, ndi southbridge, nkujambula zonsezi m'makope mwao. Tsiku lotsatira gulu lililonse lipatsidwe kompyuta yoyaka koma yosoŵa ma-driver. Ana atsekule Device Manager, akopere mizere ya Hardware Ids, nkupeza dzina la wopanga pa tchati chimene mphunzitsi wapachika pa khoma. Apa mpata umapezeka wokumbutsa za manambala a hexadecimal, pakuti 10DE ndi 27DA ndi manambala a mtundu umenewo, ndipo ana amakondwa kumva kuti Intel idatenga nambala 8086 kuchokera ku dzina la purosesa yake ya mu 1978. Kenaka gulu liike ma-driver kuchokera pa fulashi ya sukulu motsata ndondomeko, liyese mau, USB ndi sikirini, nkulemba tsamba la makinawo m'buku. Pomaliza gulu lililonse lifotokozere anzao chimene chidali vuto, mmene lidachidziŵira ndi chimene lidachita.

Phindu la phunziro lotere silithera pa makompyuta. Mwana amaphunzira kuona chizindikiro, kuganiza chimene chingachiyambitse, kusintha chinthu chimodzi chokha, kuyesa ndi kulemba zotsatira. Imeneyi ndiyo njira ya sayansi imene timailalika m'maphunziro ena onse. Mphunzitsi aonetsetse kuti atsikana akugwira sikuludiraiva ndi mausi mofanana ndi anyamata, pakuti m'magulu osakanikirana nkosavuta kuti atsikana asanduke alembi okhaokha.

Za chitetezo tisazinyozere. Bokosi lisatsekulidwe chingwe cha magetsi chisanazulidwe ku khoma. Asanagwire bolodi, mwana ayambe wakhudza chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi asaononge tizipangizo. Bokosi la magetsi la m'kati mwa kompyuta ndi sikirini zakale zija za chimsana zisatsekulidwe konse, chifukwa zimasunga magetsi oopsa ngakhale zitazimitsidwa. Ana asambe m'manja akatha ntchito.

Pempho lathu

Kwa aphunzitsi a m'makoleji, tikupempha kuti wophunzira aliyense wa maphunziro a makompyuta, asanapite kokayesera kuphunzitsa, adzutse yekha kompyuta imodzi yofomatidwa, kuyambira pa kuŵerenga kapepala ka pa bokosi mpaka kachizindikiro kachikasu komaliza katachoka mu Device Manager, ndipo ntchitoyi ipatsidwe malikisi monga ntchito ina iliyonse. Masana aŵiri kapena atatu ngokwanira.

Kwa aphunzitsi aakulu, tikupempha kuti makina asalembedwe kuti ngoonongeka asanayesedwe ndi batire latsopano, ndi Linux ya pa fulashi ndi Device Manager. M'ndalama za sukulu mupezeke kagawo kogulira mabatire, fulashi ziŵiri ndi buku limodzi lachikuto cholimba. Polandira mphatso ya makompyuta, mufunse wopereka mndandanda wa mitundu ya makinawo ndi ma-driver ake, ndipo mphunzitsi wa chipindacho akamasamuka, buku ndi mafulashi ziperekedwe pamodzi ndi makiyi.

Kwa aphunzitsi anzathu amene muli kale m'sukulu, tikuti mutu umodzi susenza denga. Sukulu zoyandikana nthaŵi zambiri zili ndi makina a mtundu umodzi. Pokumana pa misonkhano ya aphunzitsi a m'dera lanu, bwerani ndi mafoda anu, musinthane, ndipo amene wapeza driver wosoŵa agaŵireko anzake. Yambani sabata ino ndi kompyuta imodzi ya m'ngodya muja: ipukuteni fumbi, lembani dzina lake pa tsamba loyamba la buku, nkutsekula Device Manager.